Kernel yakale pa kompyuta ya ma core anayi: mmene ndinapezera chimene chinkaipha poyaka

Makina ena oyezera amene ndimayang'anira kuntchito amalumikizana ndi kompyuta kudzera pa khadi la PCI. Amene anapanga khadilo anatseka kalekale, ndipo driver yomwe anasiya, pulogalamu yothandiza Linux kulankhula ndi khadilo, imagwira pa Linux ya kernel 2.6.32 yokha; kernel ndiyo phata la Linux lomwe limayendetsa zipangizo zonse za kompyuta. Kernel imeneyi inatuluka mu Disembala 2009, ndipo zigamba zake zomaliza zinatuluka mu 2016. Kuchokera apo palibenso woti n'kumudandaulira. Wopanga motherboard adzakuuzani kuti Linux yakale chonchi sakuidziwa, odziwa Linux adzakuuzani kuti muike yatsopano, ndipo mukaika yatsopanoyo makina aja amangoti duu. Ndiye motherboard ya kompyuta yakale itapsa, tinazula disiki ndi khadi n'kuziika m'kompyuta ina yomwe ikadali ndi kabowo ka PCI. Yakale ija inali ndi core imodzi, kutanthauza gawo limodzi lokha la purosesa loyendetsa mapulogalamu. Iyi inali ndi anayi.

Inkayaka bwinobwino, n'kudutsa pa GRUB (pulogalamu yoyatsa Linux), zilembo n'kumathamanga pa sikirini monga mwa masiku onse, kenako zii. Timagetsi ta Caps Lock ndi Scroll Lock pa kiyibodi tinkayamba kuphethira, chizindikiro choti kernel yachita panic, kutanthauza kuti yakumana ndi cholakwika chachikulu n'kuimiratu. Chosokoneza mutu chinali choti sinkafa nthawi zonse. Lero iyaka mpaka kumapeto n'kugwira ntchito, mawa muiyatse, yafanso pamalo omwewo.

Malangizo amene mungawapeze msanga ndi oti mulembe `acpi=off noapic nolapic nosmp` pa mzere wa kernel, zonse pamodzi. Zimathekadi, kompyuta imayaka. Koma mukatero mwagoneka ma core atatu, kompyutayo singathenso kudzizimitsa yokha mukailamula, ndipo chachikulu n'choti simunadziwepo kanthu. Mawu anayi aja, lililonse likuzimitsa chinthu chakechake, ndiye chodwalacho simudziwa kuti n'chiti. Ine mawu amenewa ndimawatenga ngati mafunso, ndipo ndimafunsa limodzilimodzi.

Koma musanafunse, onetsetsani kuti yankho mutha kuliwerenga. Pa GRUB yakale dinani `e`, sankhani mzere wa kernel, dinaninso `e`, fufutani `quiet` ndi `splash` kapena `rhgb`, wonjezerani `ignore_loglevel`, kenako Enter ndi `b`. Pa GRUB 2 mukamaliza kulemba mumadina Ctrl+X. Zosinthazi n'za ulendo umodzi wokha, mukazimitsa zimafufutika, choncho palibe choopa. Mawu oti `vga=791` amachepetsa zilembo kuti mizere yambiri ikwane. Ngati kompyuta ikumayambiranso yokha ikangofa, lembani `panic=0` kuti iime pomwepo. Kwa ine zonsezi sizinakwanire, chifukwa mizere yofunika kwambiri ya panic ndi yoyambirira, ndipo ndiyo imakwera n'kutulukira pamwamba pa sikirini. Chithunzi cha pafoni chinkangogwira mchira wake.

Chimene chinanditsegula maso ndi serial port. Motherboard zambiri zikadali ndi timapini tolembedwa COM ngakhale kumbuyo kwa bokosi kulibe pobaya. Ndinabayapo kachingwe kokhala ndi pulagi ya DB9, n'kulumikiza chingwe cha null modem kupita ku laputopu kudzera pa adaputa ya USB. Apa pali tizinthu tiwiri todyera munthu nthawi. Chingwe chiyenera kukhala cha null modem ndithu, chomwe pini 2 ndi pini 3 zapingasana. Cholunjika sichibweretsa ngakhale chilembo chimodzi. Ndiponso kasanjidwe ka timapini ta COM pa motherboard kalipo mitundu iwiri, ndiye ngati zonse zikuoneka zabwino koma sikirini ya laputopu ili mbee, yesani kachingwe ka mtundu winawo musanayambe kukayikira zina. Pa laputopu ndinalemba `screen -L /dev/ttyUSB0 115200`, kuti chilichonse chobwera chizisungidwa m'fayilo. Pa kompyuta yodwalayo ndinawonjezera `console=tty0 console=ttyS0,115200n8`. Mukaona zilembo zopanda mutu, ndiye kuti liwiro la mbali ziwirizi lasiyana. Ngati kernel ikufa molawirira kwambiri moti palibe chikutuluka, `earlyprintk=serial,ttyS0,115200` imayamba kulankhula console isanakonzeke.

Kenako ndinafuna kuchotsa kaye kompyutayo pa mlandu. Ndinaiyatsa ndi Linux yamakono ya pa flash, ma core onse anayi anadzuka, ndinawasenzetsa ntchito yolemera, osagwa. Memtest86+ inayenda usiku wonse osapeza cholakwika. N'zotopetsa koma musazidumphe, poti RAM yowonongeka nayo imapha kernel mwa apo ndi apo. Ndipo ngati mu uthenga wa panic muli mawu oti Machine Check Exception, ndi purosesa yeniyeniyo ikudandaula za hardware. Zikatero siyani kaye kulimbana ndi GRUB, kaoneni fani, kutentha ndi bokosi la magetsi.

Kuti mafunso akubwerawa amveke, tione kaye mmene ma core amadzukira. Pamene kernel ikuyamba, core imodzi yokha ndiyo imagwira ntchito, yotchedwa bootstrap processor; enawo amakhala akudikira. Kernel imadziwa kuti alipo angati powerenga tebulo la ACPI (njira imene motherboard imafotokozera kernel za zipangizo zake) lotchedwa MADT, lomwe mu `dmesg`, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, limaoneka ndi dzina loti APIC. Makompyuta a m'ma 1990 ankadalira tebulo lina, la MultiProcessor Specification ya Intel, ndipo kernel zakale zimabwererako zikakhala kuti ACPI yazimitsidwa. Core iliyonse ili ndi local APIC yake, kachipangizo kolandira ma interrupt, kutanthauza zizindikiro zimene zipangizo zimatumiza zikafuna kuti purosesa isiye kaye zomwe ikuchita n'kuzisamalira. Palinso IO-APIC, imene imatenga ma interrupt a makhadi n'kuwagawira ma core. Core yoyamba imadzutsa anzake powatumizira uthenga wa INIT, kenako wa STARTUP kawiri. Yodzutsidwayo imayambira mu real mode ya 16-bit, ngati purosesa ya 8086 ya mu 1978, pa kachidutswa ka code kamene kernel yakaika pansi pa 1 MB, n'kumakwera mpaka kufika pa 64-bit.

Choncho zinthu zingaphonyeke pa njira ya ma interrupt, kapena pa kudzutsana kwa ma core, kapena pambuyo pake, ma core onse atadzuka n'kuyamba kugwira ntchito nthawi imodzi. Kuchokera panja zonsezi zimaoneka chimodzimodzi: muike `nosmp`, iyaka, muichotse, yafa.

Chimene chimalekanitsa zitatuzi ndi kusiyana kwa `nosmp` ndi `maxcpus=1`. Ambiri amaziyesa chinthu chimodzi, koma ayi. `nosmp` imasiya core imodzi komanso imazimitsa IO-APIC, ma interrupt n'kubwerera pa njira yakalekale ya PIC ya 8259. `maxcpus=1` nayo imasiya core imodzi, koma IO-APIC imakhalabe ikugwira ntchito. Ndiye ngati ikuyaka ndi `nosmp` koma ikufa ndi `maxcpus=1`, ma core enawo alibe mlandu, sanadzuke n'komwe; vuto lili pa njira ya ma interrupt. Ngati ikuyaka ndi zonse ziwiri koma ikufa ndi `maxcpus=2`, njira ya ma interrupt ili bwino, ndipo muyang'ane mbali ziwiri zotsalazo. Kachenjezo kamodzi: ikayaka, tsimikizani ndi `grep -c ^processor /proc/cpuinfo` kuti core ndi imodzidi. Ma Linux ena ali ndi lamulo la udev lomwe limadzutsa ma core otsala kompyuta ikangoyaka, ndiye mutha kumaganiza kuti mukuyesa core imodzi pamene onse ali maso.

Yanga inadutsa `nosmp` ndi `maxcpus=1` mosavuta, choncho mbali yoyambayo sinandikhudze, komabe ndinene mwachidule poti ambiri amakodwa pomwepo. Uthenga wodziwika ndi woti `IO-APIC + timer doesn't work!`, ndipo kernel yomweyo imakulangizani kuyesa `apic=debug` ndi `noapic`. Kernel yakale imayesa njira ya ma interrupt pogwiritsa ntchito wotchi yakale ya 8254. Pa makompyuta ena atsopano wotchi imeneyi imagonekedwa pofuna kusunga magetsi, ndipo Linux inasiya kuidalira pa makompyuta oterowo mu kernel 5.3, mu 2019. Kernel ya kumbuyo kwake imafunika kuti mu BIOS mupeze mzere wa 8254 clock gating n'kuuzimitsa, ngati ulipo. China ndi x2APIC, imene inabwera ndi mapurosesa a Nehalem a Intel cha m'ma 2008. Mu x2APIC, local APIC salankhula nayo kudzera pa adiresi ya mu memory ya 0xFEE00000 monga kale, koma kudzera m'ma register a MSR. Kernel yosaidziwa ikapeza BIOS yaiyatsa kale, imawerenga zopanda pake. Kernel zoidziwa zili ndi mawu oti `nox2apic`, koma kuizimitsa mu BIOS momwemo n'kodalirika kuposa.

Mbali yachiwiri imadziwika ndi pamene kernel yaima. Ngati mzere womaliza ukunena za kudzutsa purosesa, kapena pali `Not responding` kapena `Stuck ??`, ndiye kuti core inaitanidwa koma sinayankhe. Pamenepo yesani kuzimitsa Hyper-Threading mu BIOS, kenako C-states, kenako `idle=poll`, imene imaletsa core kugona ikasowa chochita. Imatenthetsa purosesa, ndiye ndi yoyesera chabe. Ngati ma core akudzuka koma nthawi ikusokonekera, `clocksource=hpet` imachotsa TSC, wotchi ya mkati mwa purosesa, pa nkhaniyo.

Kwa ine fayilo ya pa laputopu ija inasonyeza zina. Ma core onse anayi ankadzuka bwinobwino, mzere woti `Brought up 4 CPUs` unalipo, disiki inkapezeka, ndipo kernel inkafa patsogolo kwambiri, ma service atayamba kale kuyaka. Apa ndinagwiritsa ntchito kanjira kamene ndimakakonda kwambiri pa mavuto otere. Ndinayatsa ndi `maxcpus=1`, n'kuimitsa pulogalamu ya makina oyezera aja, kenako n'kudzutsa ma core otsalawo pamanja, imodziimodzi:

`echo 1 > /sys/devices/system/cpu/cpu1/online`

Chimodzimodzi cpu2 ndi cpu3. Onse anadzuka, `dmesg` osadandaula kanthu. Ndinawapatsa ntchito, anaigwira. Nditangoyatsanso pulogalamu ya makinayo, timagetsi ta pa kiyibodi tinayamba kuphethira. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti mumalekanitsa zinthu ziwiri zomwe poyaka zimachitika mothithikana: kudzuka kwa ma core, ndi chinthu choyamba chomwe chimagwa chifukwa choti ma corewo ali maso. Musanayese, lembani `sync`, chifukwa panic siyembekeza kuti zomwe zili mu memory zilembedwe pa disiki.

Tsopano mizere yoyambirira ija ndinali nayo. Yofunika inali iyi:

`BUG: unable to handle kernel NULL pointer dereference at 0000000000000008`
`Oops: 0000 [#1] SMP`
`CPU 0`
`Pid: 0, comm: swapper Tainted: P`
`Kernel panic - not syncing: Fatal exception in interrupt`

Uthenga wotere umaopsa poyamba, koma umawerengeka. Mzere woyamba ukunena kuti kernel inayesa kugwira adiresi 8. Adiresi yaing'ono chonchi nthawi zambiri imatanthauza kuti pointer, malo osungira adiresi ya mu memory, inali 0, ndipo code inafuna chinthu chomwe chili ma byte 8 kuchokera poyambira pa struct. Manambala 0000 akutanthauza kuti inali kuwerenga. Kukanakhala kulemba akanakhala 0002. `#1` ikusonyeza kuti iyi ndi oops yoyamba, kutanthauza lipoti loyamba la kernel lonena za cholakwika, ndipo yoyambayo ndiyo yofunika, zotsatira zake zimangokhala zipsera za yoyambayo. Mawu oti SMP pamenepo asakunamizeni: sakunena kuti vuto ndi ma core, akungonena kuti kernel inamangidwa yodziwa ma core ambiri. `Tainted: P` ikutanthauza kuti mu kernel mwalowa module yomwe layisensi yake si GPL kapena sinalembedwe n'komwe. Pansi pa mzere wa BUG pamakhala mzere woyamba ndi `IP:`, wonena function imene inagwa, ndipo ngati functionyo ili mu module, dzina la module limalembedwa kumapeto kwake. Dzina lomwe linali pamenepo linali la driver ya khadi lathu, ndipo function inali yolandira interrupt. Mu Call Trace, mizere yokhala ndi `?` ndi zotsalira chabe pa stack, musaikhulupirire kwambiri.

Chimene chinandigwira mtima chinali `swapper` pa CPU 0, core yoyamba. Dzina limeneli limatanthauza kuti core imeneyo inalibe chochita, inali kungodikira, pamene interrupt ya khadi inafika. Ndiye pulogalamu yomwe inali kutsegula khadi nthawi yomweyo inali kuti? Inali pa core ina. Ma core awiri anali mu driver imodzi nthawi imodzi, chinthu chomwe pa kompyuta yakale ija sichikanatheka.

Mwamwayi driveryo inabwera ndi source yake ya C, chifukwa inkamangidwa pa kompyuta pomwepo. Mu function yotsegula khadi ndinapeza ndondomeko iyi: `local_irq_save`, kenako kulemba mu register ya khadi kuti liyambe ntchito, kenako kukonza pointer ya buffer, pomaliza `local_irq_restore`. Wolembayo anadziwa kuti khadi likangoyamba limatumiza interrupt, ndipo anadziwa kuti pointer sinakonzeke, n'chifukwa chake anatseka ma interrupt pa kanthawi kameneko. Pa core imodzi zimenezi n'zolondola: interrupt imadikira panja mpaka atsegule, ndipo pofika nthawiyo pointer yakonzeka. Koma `local_irq_save` imatseka ma interrupt pa core yomwe ikuyendetsa code yokhayo. Zili ngati kukiya chitseko chimodzi cha nyumba ya zitseko zinayi n'kumati mlendo salowa. IO-APIC inkangotenga interrupt ija n'kuipereka kwa CPU 0, yomwe inali yotsegula, ndipo CPU 0 inkawerenga pointer yomwe ikadali 0.

Kafedwe ka apo ndi apo kaja kanamvekanso pomwepo. Mu `/proc/interrupts` ndinaona kuti ma interrupt a khadilo onse ankagwera pa CPU 0. Tsiku limene scheduler, gawo la kernel logawa ntchito kwa ma core, yaika pulogalamu pa CPU 0 pomwepo, kutseka kuja kunkagwira ntchito ndipo kompyuta inkayaka. Ikaiika pa core ina iliyonse, inkafa. Pofuna kutsimikiza, ndinayatsa pulogalamuyo ndi `taskset -c 0`, lamulo loimangirira pa CPU 0, mobwerezabwereza, osagwa. Ndi `taskset -c 2` inkagwa ulendo uliwonse. Kufika pamenepa n'kofunika kuposa china chilichonse, chifukwa vuto lomwe mutha kuliyambitsa nthawi iliyonse mwafuna, muthanso kudziwa ngati mwalikonzadi. Popanda zimenezo, kuyaka bwino kwa lero kungakhale mwayi chabe.

Cholakwika chamtunduwu chili ndi mbiri yake, ndipo mukachidziwa mudzachizindikira msanga m'ma driver ena a nthawi imeneyo. Linux inayamba kudziwa mapurosesa ambiri mu kernel 2.0, mu 1996. Mu 2.4, driver ikaitana `cli()` pa kernel ya SMP, ma interrupt ankaletsedwa pa mapurosesa onse. Njira imeneyi inachotsedwa pokonza 2.5, ndipo mu source ya kernel munaikidwa fayilo yotchedwa `cli-sti-removal.txt` yofotokoza kuti m'malo mwake pafunika spinlock, loko lomwe limalola core imodzi yokha kulowa pa nthawi imodzi. Koma wosamutsa driver mothamanga ankatha kungosintha `cli()` kukhala `local_irq_save` kapena `local_irq_disable`, code n'kumangika bwinobwino, n'kugwira ntchito pa kompyuta yake ya core imodzi. Palibe chinkamuchenjeza. Driver yotero imatha kukhala zaka zambiri osaonetsa vuto mpaka tsiku losamutsira disiki. Ndiye mukakhala ndi source, `grep -n local_irq *.c` ndi `grep -n spin_lock *.c` zimakuuzani zambiri m'kanthawi kochepa. Ngati yoyamba yatulutsa mizere yambiri, yachiwiri osatulutsa kanthu, pamene driveryo ili ndi function yolandira interrupt, mwapeza poyambira.

Ndisanagwire chilichonse ndinakopera disiki yonse ndi `dd` ku disiki ina. Pa Linux yomwe palibe akuisamalira, disiki imeneyo ndiyo chuma chokhacho. Kukonza kwenikweniko kunali kwa mizere yochepa. Ndinawonjezera `spinlock_t` mu struct ya khadi, n'kuiyambitsa ndi `spin_lock_init` pamene driver ikuzindikira khadi. Paliponse pamene panali `local_irq_save` ndi `local_irq_restore` ndinaikapo `spin_lock_irqsave` ndi `spin_unlock_irqrestore`, ndipo mu function yolandira interrupt ndinakutira mbali yogwira buffer ndi `spin_lock` ndi `spin_unlock`. Ndinasinthanso ndondomeko, kuti pointer izikonzeka kaye khadi lisanauzidwe kuyamba. Kusinthaku kokha kukanathetsa panic ya poyaka, koma function yowerenga ndi yotseka khadi zinali ndi chilema chomwecho, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa panic: zikanatha kusokoneza manambala oyezedwa mwakachetechete, kompyuta ikuoneka ya bwinobwino. Samalani chinthu chimodzi pochita izi. Mutagwira spinlock simuloledwa kuitana chilichonse chomwe chingagone, monga `copy_to_user` kapena `kmalloc` ya `GFP_KERNEL`. Mu function yowerenga ndinachita kukopera deta mu buffer yapadera nditagwira loko, n'kumasula, kenako n'kuipereka kwa pulogalamu.

Kumanga ndi `make -C /lib/modules/$(uname -r)/build M=$PWD modules`, bola ma header a kernel yomweyo ndi gcc zikhalepo. Ngati palibe, musadabwe kuona `apt` kapena `yum` ikulephera kupeza chilichonse, chifukwa ma Linux otha nthawi amasamutsidwira kwina: a Debian amakhala pa archive.debian.org, a Ubuntu pa old-releases.ubuntu.com, a CentOS pa vault.centos.org. Nthawi zina kompyuta yakaleyo imakanika kulumikizana ndi malo amenewa chifukwa TLS yake ndi yachikale, ndiye n'kwapafupi kutsitsa mafayilo pa kompyuta ina n'kuwanyamula pa flash. Driver yatsopano italowa, `taskset -c 2` inaleka kupha kernel, ndipo ndinabwereza pa core iliyonse, ma core ena ali pa ntchito yolemera.

Si aliyense adzakhale ndi source, ndipo si aliyense angafune kugwira C. Popanda source pali njira yapakati, yabwino kuposa kugoneka ma core atatu. Cholinga n'choti chilichonse chokhudza khadi chizichitikira pa core imodzi, ma core enawo azigwira ntchito zina. Pezani nambala ya interrupt ya khadi mu `/proc/interrupts`, kenako lembani 1 mu `/proc/irq/` nambala ija `/smp_affinity`. Nambala yolembedwayo ndi ya hex ndipo bit iliyonse ikuimira core: 1 ndi CPU 0, 2 ndi CPU 1, 4 ndi CPU 2, f ndi onse anayi. Ngati driver imapempha interrupt pa nthawi yotsegula khadi, foda ya nambalayo ingakhale kulibe isanatsegulidwe, choncho lembaninso 1 mu `/proc/irq/default_smp_affinity` pulogalamu isanayake. Zimitsani `irqbalance`, chifukwa ntchito yake ndi kusamutsa ma interrupt pakati pa ma core, ndipo idzafufuta zomwe mwalemba. Pomaliza sinthani script yoyatsa pulogalamu kuti iziyamba ndi `taskset -c 0`. Njirayi ili ndi malire ake. Pulogalamu ina iliyonse yotsegula khadilo, ngakhale kakang'ono koonera ngati makina ali bwino, iyeneranso kumangiriridwa pa CPU 0. Ndipo ngati driver ili ndi timer kapena thread yakeyake mkati mwa kernel, `taskset` ya pulogalamu siingaifikire. Zikafika poteropo, `maxcpus=1` yokhazikika mu GRUB si chamanyazi; makina ambiri oyezera safuna mphamvu yoposa ya core imodzi yamakono, ndipo imaposa `nosmp` poti IO-APIC imatsala ikugwira ntchito.

Ena adzafunsa za virtual machine: kuika Linux yamakono pa kompyuta, yakaleyo n'kuiyendetsa mkati mwa KVM ndi core imodzi, khadi n'kuliperekera kwa iyo. Zimatheka ngati purosesa ndi motherboard zili ndi VT-d kapena AMD-Vi, ndipo zimathetsa mavuto onse a x2APIC ndi wotchi ya 8254 aja, chifukwa kernel yakaleyo imaona hardware yongoyerekeza yomwe ikuidziwa. Chovuta n'choti makhadi a PCI yakale pa motherboard zatsopano amakhala kuseri kwa bridge, ndipo zonse za kuseri kwa bridge imodzi zimaperekedwa pamodzi. Kwa ife ndinaona kuti kukonza driver n'kosavuta kuposa kuwonjezera chinthu china choti chizisamalidwa, koma driver ikanakhala yopanda source ndipo vuto likanakhala la ma interrupt, ndikanayamba ndi njira imeneyi.

Kompyutayo sindinailumikize ku intaneti ndipo silumikizidwa. Kernel ya 2.6.32 yomwe zigamba zake zinathera koyambirira kwa 2016 ili ndi mabowo odziwika kwa aliyense, monga Dirty COW yomwe inaululika mu Okutobala 2016, yolola munthu wamba wolowa m'kompyuta kusanduka root, mwini mphamvu zonse pa kompyutayo. Zotsatira za kuyeza zimatuluka kudzera pa chingwe cholunjika ku kompyuta ina yamakono, ndipo imeneyo ndiyo imalankhula ndi netiweki. Source ya driver yokonzedwayo, patch yake, ma header a kernel ndi mafayilo a gcc ndinaziika mu foda imodzi pa disiki yokopera ija, pamodzi ndi fayilo ya oops ndi mzere wonse wa GRUB, kuti wodzasamutsa disikiyi ulendo wina adzathe kumanga driver popanda kufunafuna kanthu pa intaneti.